Tsiku Limene Bayardo Sanayankhidwe

Achimwene anga a Bayardo ndinawaona komaliza ali moyo anthu atawanyamula pamapewa, chipewa chitagwa, akucheukacheuka ngati akufuna wina.

Chisiyireni ine koleji sitinkayankhulana. Iwo anati ndataya mwayi umene iwo sanaulawe, ine ndinati woponya mpira wa besibolo sangandiuze za mabuku. Komabe Lamlungu limenelo ndinapita kubwalo, n'kukhala pafupi ndi benchi ya timu yathu, pambali pa a Porfirio, mkulu wogulitsa nthochi zokazinga.

Achimwene ndiwo ankaponya. Omenya mpira a timu ya alendo ankabwera ndi ndodo zawo mmodzimmodzi, n'kubwerera atatulutsidwa, nkhope zili pansi. Ena ankangokwapula mphepo, ena mpira wawo unkagwera m'manja mwa anyamata athu. Mwa zigawo zisanu ndi zinayi za masewero, zisanu zinatha popanda mlendo wopondako pakona yoyamba, pamene womenya amathamangira akaumenya bwino mpira. Tonse tinaona kuti mwina masewero onse atha choncho, chinthu chosowa kwambiri, koma palibe ananena. Zoterezi ukazitchula zimathawa. Woponyayo sayankhulidwa, sakhudzidwa, kufikira atamaliza.

Munthu wina kumbuyo kwathu anayamba: “Abale, pabolodi paja pali maziro okhaokha, kodi…”

“Tseka pakamwa, galu iwe!” A Porfirio anamukankhira nthochi m'manja. “Tafuna izi mpaka mawa.”

Pofika chigawo chachisanu ndi chiwiri, anzawo onse a achimwene anali ataunjikana mbali imodzi ya benchi ngati nkhuku pamvula. Achimwene anatsala okha, thaulo lili pamkono. Pamenepo anandiona.

“Noel! Pulofesa wothawa sukulu! Tasendera kuno, anthuwa akundithawa ngati ndili ndi mphere.”

A Porfirio anandifinya bondo. “Ukayankha ndikuthyola mwendo, mwanawe.”

“Mphwanga,” anateronso achimwene, mawu atatsika, “ngakhale moni?”

Ndinayang'ana nsapato zanga.

Sindinaonepo munthu akuponya ngati m'chigawo chomaliza chija. Mpira unkachoka m'dzanja lawo n'kuzimirira, timangomva kuti phaa! m'manja mwa wowakha. Bwalo lodzaza linali zii, moti ndinkamva mbendera ikukupiza pamwamba pa bolodi. Womenya womaliza, chimphona chimene chinkaopedwa dziko lonse, anakwapula kawiri osaukhudza. Mpira wachitatu unabwera pang'onopang'ono, ukugwa ngati tsamba. Iye anangouyang'ana ukudutsa, woyimbira n'kugamula kuti watuluka, kenako anavula chisoti chake n'kuwerama.

Anthu anagwetsa mpanda. Ndinathamanga nawo, ndikukuwa dzina lawo, koma khamu linandiponyera kunja. Basi ya timu inanyamuka madzulo omwewo kupita kumpoto. Ndinati palibe kanthu, ndiwaona akabwerako.

Mzere wa zotsatira zawo wa m'nyuzi ana a sukulu kuno amauloweza pamtima: omenya 27, otuluka 27, mwa iwo 14 osaukhudza mpira; ofika pakona, 0. Tinapambana 1 kwa 0. Ndikamadutsa pamsika, amuna akuluakulu amandigwira dzanja ngati ndine ndinaponya. A Porfirio mpaka lero amati, “Unachita bwino, mwanawe, ukanayankha tikanalira tonse.” Mwina akunena zoona. Ndikatseka maso n'kuonanso mpira womaliza uja, sindidziwa ngati lero ndikanayankha.

Kumpoto kuja achimwene anabwereka njinga yamoto ya mnzawo, ndipo pamlatho anawombana ndi lole yonyamula nzimbe.

Linali Lachiwiri, pa 16 Januwale 1996.