Buku Lokana Kuletsedwa

Pa yunivesite onse ankawatcha a Komuredi. Ntchito yawo inali yosenda mabuku a anzawo ngati nthochi. Ukawapatsa nthano yachikondi, iwo ankangofunsa kuti, "Nanga bedi agonapolo anakhoma ndani?" Marx, katswiri wa chikomyunizimu uja, ankamutchula ngati malume awo.

Zinthu zinavuta boma litaletsa buku la Kandevu, mphunzitsi wachinyamata amene ankakhala naye ofesi imodzi. Ophunzira anayamba kulibisa m'malaya. Muofesi munkadzaza, koma onse ankalambalala desiki ya a Komuredi ngati chithaphwi.

"Kabuku kopyapyala ngati lilime la mphaka!" anatero a Komuredi podandaulira akazi awo. "Ine mabwanawa ndinayamba kuwatukwana iye akuyamwa. Langa osaliletsa bwanji?"

"Mukufuna akumangeni, bambo?"

"Ngakhale kungondiopseza, mayi. Anawa andiiwala."

Basi anatenga chibuku chawo, chonenepa ngati njerwa, nadula mizere yofiira pansi pa mawu onse oyabwa. Atavala magalasi akuda, anakachisiya okha ku ofesi yoletsa mabuku.

"Wolemba uyu ngoopsa," anatero pomunong'oneza mlembi wa pamenepo. "Musamulekerere."

Tsiku loitanidwa litafika, anatsanzika m'kalasi mokweza, bulangete lili m'khwapa, mswachi ukusuzumira m'thumba. Ophunzira anawaperekeza ndi nyimbo mpaka pageti la ofesi yoletsa mabuku ija. Ngakhale Kandevu anatsatira pambuyo, ndipo mtima wa a Komuredi unachita kuti myaa.

Bwana wa ofesiyo anawalandira ndi manja awiri.

"Aphunzitsi! Mwandiiwala? Ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko."

"Chitani ntchito yanu, bwana. Sindipempha chifundo."

"Chifundo cha chiyani? Bukuli ndi lofatsa. Amene tinamupatsa kuti aliwerenge ankavutika kupeza tulo, pano akukuthokozani."

"Koma mizere yofiira ija!"

"Inatithandiza kwambiri. Tinkadziwira pomwe tinalekezera."

Chidindo chinagwa kuti phaa: lololedwa, ngakhale kwa ana.

Panja nyimbo inali itakolera: "M'masuleni Komuredi!" Moyo wawo wonse a Komuredi anali asanaimbidwepo chonchi. Anasuzumira pawindo, naona Kandevu atakweza chibakera. Anayang'ananso chidindo chija, nakulunga bukulo m'bulangete.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "sungandisungeko ngakhale mpaka madzulo?"

"Tikutseka masana, aphunzitsi. Koma khalani pabenchipo mpaka oimbawo asase mawu. Tiyi mumamwa wa mkaka?"