Matochi Anayi a ku Dubai

Mu Livingstone monse, kuyambira ku Malota mpaka kubwalo la ndege, panalibe munthu wosadziwa kuti Morton Kamwendo anapondako ku Dubai kasanu ndi kawiri. Wosadziwayo ndiye kuti anali asanakhale naye pansi mphindi zisanu. Agogo ake anabwera wapansi kuchokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji, mwiniwakeyo anayamba ndi kugulitsa tinjovu tosema ku Mukuni Park, koma tsopano anali ndi maminibasi anayi onyamula alendo ndi malo otsukirapo magalimoto. Pa nkhani yonenerera mtengo ndiye ankati sanabadwe womuposa. Mmwenye, Mwarabu, Mtchaina, onse akuti ankamuperekeza mpaka pakhomo akupukuta thukuta.

Mwana wake wamkazi, Ivy, anasankha ntchito imene m'banjamo munalibe anailotapo. Ankaphunzira kulowa pansi pa madzi ndi botolo la mpweya kumsana, kumpoto kutali, pa nyanja ya Tanganyika, kuti adzakhale woperekeza alendo. Mu Zambezi muno sakanayesa, poti ng'ona sizifunsa satifiketi. Maphunziro anali atatsala pang'ono kutha. Chotsala chinali kulowa m'madzi usiku, koyamba m'moyo wake, ndipo pa zimenezo ankafunika matochi awiri, yaikulu ndi ina yapadera. Atamva kuti bambo ake ali pa ulendo wa ku Dubai, anawatumizira chithunzi pafoni. Sanasankhe zodula ayi. Anafufuza mlungu wathunthu mpaka anapeza mtundu wotsika mtengo koma wolimba, wolembedwa pambali kuti umapirira kuya kwa mamita makumi asanu.

Morton anaipeza tochiyo m'sitolo yozizira bwino, anaigwira, anamva mtengo wake, n'kufunsa ngati angachotsereko. Mnyamata wa m'sitoloyo anangoloza kapepala ka mtengo. Morton anatuluka atakwiya. Misewu iwiri kutsogolo, pa kamsika ka zamagetsi, anaona matochi achikasu ofanana ndi a pachithunzi ngati mapasa, owala mpaka kuthobwa m'maso. Ananenerera kwa ola lathunthu, ndipo ndalama ya tochi imodzi ija inamugulira anayi. Akukulunga, wogulitsayo anamuuza mosabisa kuti amenewa ndi a mvula ndi a m'boti, osati opita nawo pansi pa madzi. Morton anamva bwinobwino. Anaseka, nati madzi ndi madzi basi. Ku hotela anataya makatoni ake, anamatula timapepala tonse ndi chikhadabo, n'kukulunga matochiwo m'malaya.

Anafika Lachitatu, Ivy ali pakhomo patchuti cha masiku ochepa. Basi yake yobwerera inali ya Lachisanu m'mawa.

“Iwe unapempha awiri, ine nabweretsa anayi!” anatero Morton akuwayala patebulo. “Uyu ndiye Kamwendo. Ukamutuma nkhuku amabwera ndi khola.”

“Badadi, si aja ninatumiza aya,” anatero Ivy akutembenuza imodzi. “Makatoni ali kuti?”

“Makatoni ni katundu chabe mu ndeke, mwana wanga. Aja unatumiza ni akale. Aya ni amene asewenzesa asilikali a m'madzi kuja. Mwine wa shopu ananilumbirira.”

Mkazi wake, Lungowe, amene anali atamva malumbiro a eni masitolo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, anangomuitana ndi dzina la mwana wawo, nati, “Bashi Ivy, tiyi azizira.”

Mawa lake masana Ivy anatenga matochi aja kupita nawo kotsukira magalimoto ku Malota, kumene kunali thanki yaitali ya madzi. Anati kusukulu kwawo tochi yatsopano saikhulupirira isanayesedwe. Anachotsa mabatire onse, m'malo mwake anaikamo tishu wouma, anapaka mafuta pa kamphira ka pachivindikiro, n'kutseka zolimba. Kenaka anamangirira matochi onse pachingwe pamodzi ndi sipanala yolemera, anakwera makwerero, n'kuwatsitsa mpaka pansi pa thanki.

“Ola imodzi,” anatero akutsika. “Tishu ikachoka youma, tochi ili bwino. Ikanyowa olo pang'ono, ni ya kutaya. Ine na bamami tipita mu tauni, tibwera manje manje.”

Morton anatsala akuyang'ana chingwe chija. Anauza antchito ake nkhani ya nyumba yaitali ya ku Dubai, koma nkhaniyo inamuthera pakamwa isanafike pansanjika ya makumi awiri. Patatha mphindi makumi anayi anawatuma onse kukadya, anavula jekete, n'kukwera makwerero yekha.

Yoyamba, atangotsegula, madzi anachita kuti khuthu pansapato yake. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu tishu anali atasanduka phala. Yachinayi yokha ndiyo inali ndi chinyezi chapang'ono, koma nayonso inali italowa madzi. Ndipo iyi inali thanki chabe, yosafika ngakhale mamita atatu.

Apa ndi pamene munthu akanaima. Koma Morton anaona nkhope ya Lungowe m'maganizo mwake, anamva kale mmene nkhaniyo ikamvekere pakati pa madalaivala kubwalo la ndege, kuti mkulu uja wa ku Dubai anagulitsidwa zidole. Manja ake anayamba ntchito mutu usanavomere. Anapukuta mkati mwa tochi iliyonse ndi kansalu kopukutira magalasi, anatenga tishu watsopano m'galimoto, anapinda bwinobwino monga anapindira Ivy, anatseka, n'kuwaza madzi kunja kokha. Tishu wonyowa uja anamukankhira m'ngalande ndi phazi.

“Nakuchotserako, nthawi inakwana,” anatero Morton, Ivy atafika. “Segula weka, ine sininagwire.”

Ivy anatsegula imodziimodzi, akugwira tishu ndi nsonga za zala, kenaka kumuika patsaya. Wouma. Wouma. Atamaliza yachinayi anadumpha ngati kamwana, n'kukumbatira bambo ake, osasamala kuti malaya awo anali atanyowa m'manja.

“Badadi, sore, ninakukayikirani! Bamami, onani, onse ali bwino!”

“Nanga ine nimagula vinyalala?” anatero Morton. Mawuwo anatuluka okha, mwa chizolowezi.

Madzulo, pa chakudya, Ivy sanatseke pakamwa. Anafotokoza kuti pansi pa madzi usiku tochi ndiyo maso, ndiyonso pakamwa. Ndi imene umaonera geji yokuuza mpweya watsala wochuluka bwanji. Ndi imene umauzira mnzako kuti uli bwino kapena zavuta. Ikazima, sudziwa kumwamba ndi kuti, pansi ndi kuti, ndiye chifukwa chake amanyamula ziwiri.

“Manje poti ni anayi, awiri nizapasa Mutinta,” anatero. Mutinta anali mnzake wolowa naye m'madzi, mwana wa mayi wogulitsa tomato ku Choma. “Analibe ndalama ya matochi. Nauza kale aphunzitsi kuti matochi obwereka a kusukulu apase ena, ife tili na athu. Mutinta akuti nikupaseni moni, akuti Mulungu akudalitseni.”

Morton anaika pansi nthongo imene inali m'manja. Anati nyama yalimba. Lungowe anamuyang'ana nthawi yaitali, poti nyamayo inali yofewa ngati dzungu.

Anadziuza zambiri munthu uja. Anati mwina aphunzitsi akayesanso. Anati mwina mabatire akalowamo chivindikiro chimagwira bwino. Anati Ivy akanyamuka amutumizira uthenga pafoni, wachidule, wonena kuti wamva mphekesera za mtundu umenewu. Anaulemba uthengawo katatu, katatu konse n'kuufufuta, chifukwa paliponse pamene ankayambira, bodza lina linkafunika kuti lichirikize linzake. Ndipo akatseka maso ankaona ana awiri, wake ndi wa eni, mumdima wa pansi pa nyanja, akugogoda matochi akufa pachikhatho.

Lachisanu m'mawa pa siteshoni panali phokoso la masiku onse. Oitanira mabasi atangoona galimoto yake anathamanga. “Ba Dubai afika! Bosi, lelo mutisiyirako chani?” Ena anamulanda chikwama cha Ivy, ena akumupukuta fumbi losaoneka paphewa. Masiku ena apa ndi pamene Morton ankatambasula mapiko. Lero anangogwira kachikwama kakang'ono ka matochi, kamene Ivy anati sikapita kumbuyo ndi katundu wina.

Ivy anatsanzikana ndi mayi ake, anatambasula dzanja kuti alandire kachikwamako. Morton sanakasiye.

“Badadi, basi iyenda.”

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Morton anayang'ana oitanira aja, amene anali ataima pafupi kudikira yawo, anayang'ana mkazi wake, n'kuona kuti malo obisika panalibe.

“Aya matochi usapite nayo,” anatero. Mawu ake, amene ankamveka kuchokera tsidya lina la msewu, lero anachita kufuna kutchera khutu. “Si a pansi pa madzi. Ni a mvula. Wogulisa ananiuza, ine ninamvera, koma ninagula ndaba anali ochipa. Makatoni ninataya dala.”

Ivy anaseka pang'ono, kuyesa nthabwala. “Awe, si tinayesa? Tishu inali youma.”

“Inanyowa. Onse anayi analowa madzi. Ine ninachinja tishu pamene munali mu tauni.”

Mmodzi wa oitanira aja anati, “Iyee, bosi!” mnzake n'kumugunda m'nthiti. Lungowe anagwira pakamwa. Ivy sanakuwe, sanalire. Anangoyang'ana bambo ake ngati akuwerenga chikwangwani cha chinenero chachilendo.

“Kugula, ningamvese,” anatero potsiriza. “Mumakonda kuwina, tonse tiziwa. Koma munakwera pa thanki, munaona madzi na maso anu, munapinda tishu. Munanileka nikukumbatireni. Munanimvera nikamba za Mutinta, munapitiriza kudya.”

“Sininadye,” anatero Morton, ndipo atangotero anachita manyazi ndi kuchepa kwa yankholo. “Mwana wanga, nizagula aja enieni. Nizatumiza na ndeke, olo lelo lomwe, niziwa munthu ku...”

“Musaziwe munthu, badadi. Lekani chabe.”

Anatulutsa foni, anaimbira aphunzitsi ake pomwepo, bambo ake akumva. Anapepesa, anati matochi amene ananena aja alephera mayeso, ngati obwereka sanaperekedwe onse amusungire anayi. Anamvetsera kanthawi. Atamva kuti awiri okha ndiwo atsala, anati Mutinta alowe Loweruka lino, iye adikira gulu la mwezi wamawa. Sanatchule dzina la bambo ake ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinamupweteka Morton kuposa kutukwanidwa.

Dalaivala analiza hutala. Ivy anakumbatira mayi ake kachiwiri, n'kukwera. Ali pakhomo la basi anatembenuka.

“Nikafika nizatumira bamami foni. Imwe muzamvera kuli beve.”

Basi inatuluka pachipata, inakhota, n'kulowa mumsewu wa ku Lusaka. Oitanira aja anabalalika mwakachetechete, wopempha kanthu panalibe. Morton anaima pomwepo ndi kachikwama kake m'manja, munthu wamkulu wa jekete labwino, osadziwa kuti akaike pati.

Lungowe anamulanda makiyi a galimoto, chinthu chimene anali asanachitepo.

“Tiyeni, Bashi Ivy,” anatero. “Akatuma foni, nizaika pa tebulo kuti mumvere mawu ake. Mukhale pafupi, koma musakambe.”