Galimoto Yatsopano ya a Malata

Atangochoka pamaloboti, galimoto inachita ngati wina waigunda kumbuyo. Gu! Aphunzitsi anagwira lamba wa mpando ndi manja onse awiri n'kutseka maso.

"Mwamva?" anatero a Malata. "Ndi pomwepo. Ikamachoka giya yachiwiri kulowa yachitatu. Mwamva, eti?"

"Ndamva, bambo."

"Ndiye dikirani tifike pamsewu waukulu mumve chinacho."

Pamsewu waukulu a Malata anaponda mafuta n'kuzimitsa wailesi. Pansi pa galimoto panayamba mkokomo, wuuu, ngati mphepo yolowa m'paipi. Anapendeketsa mutu, khutu lili kugalasi.

"Bambo, paja dokotala anati lero tikalowe tonse awiri."

"Takhalani chete kaye, Aphunzitsi. Tamvetserani. Kodi zikuchokera kumbuyo kapena kutsogolo?"

Aphunzitsi anatembenukira kuwindo.

Dzina lakuti a Malata linachokera kushopu yawo ya zipangizo zomangira nyumba, ndipo linawakakamira mpaka dzina lenileni linaiwalika. Akazi awo anaphunzitsa ana aang'ono zaka zambiri mpaka msana unawakaniza kuimirira pabolodi, koma aliyense, ngakhale amuna awo, ankawaitanabe kuti Aphunzitsi. Matendawo anayamba ngati kutopa wamba. Pamene madokotala ankawazindikira, khansa inali italowa kale m'mafupa a msana. A Malata sankalitchula dzina limenelo. Anthu akafunsa ankangoti, "Ndi msana uja, koma akulandira mankhwala."

Mankhwalawo ankakalandirira kuchipatala chachikulu, kutsidya lina la mzinda. Poyamba ankapita pa pikapu yakale yonyamulira simenti, imene dzenje lililonse inkalimva n'kuligawira okwera. Tsiku lina atafika kuchipatala a Malata anaona magazi pamlomo wa akazi awo. Anali atadziluma njira yonse kuti asakuwe. Sabata yomweyo a Malata anagulitsa pikapu ija pamodzi ndi kanyumba kawo ka lendi, n'kukagula galimoto yaikulu yakuda, yamagiya osintha okha, yamipando yachikopa yotenthetsa msana, yonga zimene amakwera akuluakulu a makampani.

"Iyi, bwana, siyenda pamsewu, imayandama," anawauza choncho wogulitsa, akusisita chitseko. "Mayi azifika kuchipatala ali mtulo."

Masiku oyamba zinalidi choncho. Kenako kunayamba kugunda kuja, kenako mkokomo wa matayala. A Malata sanagonenso tulo tabwino. Ankaimbira foni kugalaja ya kampani imene inawagulitsa galimotoyo mpaka mtsikana woyankha mafoni anayamba kuwazindikira mawu. Ankajambula phokosolo pafoni. Kushopu makasitomala akafunsa mtengo wa misomali, ankachoka atamva nkhani ya giya yachitatu. Mumtima mwawo munali chinthu chimodzi: anagula galimotoyi kuti msana wa akazi awo usagwedezeke, ndipo wina anayenera kuikonza.

Pakhomo la chipatala anatsika n'kuwathandiza Aphunzitsi kutsitsa miyendo, umodzi kenako wina.

"Mkulu wa amakaniko wandipatsa nthawi mmawa uno," anatero a Malata akuyang'ana kumbali. "Akhala akundizemba kalekale. Ndikapanda kupita lero, basi."

"Dokotala anati tonse awiri, bambo."

"Mzere wake uja mukuudziwa. Ndibwera musanaitanidwe n'komwe. Ndi pompano apa."

Aphunzitsi anawayang'ana kwa kanthawi. Kenako anakonza kolala ya malaya a amuna awo imene inapindika.

"Pitani," anatero. "Wodwala wanu winayo asachedwe."

Galaja yake sinali ngati magalaja ena. Pansi panali matailosi owala, panalibe ndi dontho la oilo lomwe. A Malata anakhazikidwa pasofa n'kupatsidwa khofi amene sanamufune. Anadikira mpaka khofiyo anazizira. Pamapeto pake mkulu wa amakaniko anatulukira, atavala ovolosi yoyera ngati ya kuchipatala, akumwetulira.

"Tiyeni tiizungulitse, bwana. Muyendetse nokha, ine ndizimvetsera."

A Malata anazimitsa foni kuti pasakhale chosokoneza. Anatuluka pageti, anaima pamaloboti, ananyamuka. Giya yachiwiri inalowa yachitatu mwakachetechete ngati munthu wolowa m'chipinda cha mwana wogona. Anabwereza pamaloboti ena. Phee. Anapita pamsewu waukulu, n'kuponda mafuta.

"Mwamva mkokomowo?"

"Amenewo ndi matayala, bwana. Matayala aakulu amalira choncho. Ndiye kuti akugwira bwino msewu."

"Nanga kugunda kuja?"

"Kugunda kuti, bwana? Ine sindinamve kanthu." Mkuluyo anaseka pang'ono. "Galimoto zamasiku ano zili ndi kompyuta. Imaphunzira phazi la mwiniwake. Inu munazolowera pikapu, ndiye phazi lanu ndi lolemerako. Ipatseni nthawi, muzolowerana."

"Ndiye kuti wolakwa ndi phazi langa?"

"Sindinatero, bwana."

"Ndinayamba kuyendetsa galimoto iwe usanamere mano! Lero undiuze kuti phazi langa ndi lolemera?"

Anali atabwerera pagalaja, ndipo anthu amene ankaona magalimoto atsopano anatembenuka. A Malata anatulutsa foni n'kuiyatsa. Inaonetsa kuti Aphunzitsi anaimba kangapo. Anaona, ndipo anadziuza kuti aimba akangomaliza izi. Anatsegula zimene anajambula dzana lake n'kuika foni pakhutu la mkuluyo.

"Tamvera wekha. Ukanenso."

Mkulu wa amakaniko anamvetsera. Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono.

"Phokoso la msewu lilipo ndithu," anatero motsitsa mawu. "Koma chimene ndikumva kwambiri ine, bwana, ndi munthu. Pali wina akubuula chapansipansi. Munali ndi wodwala m'galimoto?"

A Malata analanda foni ija. Mkuluyo anayamba kufotokoza kuti alembera kufakitale, kuti mwina pali ena adandaulapo, koma a Malata anali atatseka kale chitseko.

Anakafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Mabenchi a odwala anali atatsala opanda anthu, ndipo mayi wina ankakolopa pakhonde. Aphunzitsi anali pabenchi yakumapeto, atatsamira khoma, kathumba ka mankhwala kali pamiyendo.

"Pepani, Aphunzitsi. Anthu aja anandisunga. Mwalowa kale?"

"Ndalowa."

"Ati bwanji?"

"Tiyeni tizipita, ndatopa."

A Malata anawakweza m'galimoto, anawamanga lamba, anawayatsira chotenthetsa msana. Mumsewu munali magalimoto ambiri a anthu oweruka kuntchito. A Malata ankafuna kufunsanso, koma ankaopa. Ankadziwa kuti funsolo likayankhidwa silidzabwezedwanso. Maloboti anayaka obiriwira, iwo n'kunyamuka.

Gu!

"Taonani!" anakuwa a Malata, akumenya chiwongolero. "Taonani mfiti imeneyi! Pagalaja paja inali phee ngati mwana waulemu. Munthu uja mpaka kundinena phazi. Pano yayambanso. Akanakhala muno akanamva yekha. Mawa ndibwerera, ndipo sindichoka mpaka..."

"Imikani galimoto."

"Mwati?"

"Imikani galimoto, bambo."

Mawu amenewo anali a m'kalasi, amene ankakhazika pansi ana osamva. A Malata anapatukira pambali, pafupi ndi mpanda wa fakitale ina, n'kuzimitsa injini.

"Dokotala wati mankhwala aja asiya kugwira ntchito," anatero Aphunzitsi, akuyang'ana kutsogolo. "Matenda afika kuchiwindi. Wati kupitiriza n'kungondizunza. Andipatsa opha ululu okhaokha, awa ali apawa. Namwino azibwera kunyumba. Maulendo akuchipatala atha, bambo."

"Ayi. Tikaonana ndi dokotala wina. Kuli zipatala zina, ngakhale kunja. Ndigulitsa shopu."

"Anandifunsa kuti, 'Amuna anu ali kuti?' Ndinati akubwera. Anadikira, anaona odwala ena, anandiitananso. 'Afika?' Ndinati ali m'njira. Kachitatu ndinamuuza kuti angonena, ndine munthu wamkulu."

A Malata anagwira chiwongolero mwamphamvu mpaka zala zinawawa.

"Ndimafuna kuti musamamve kuwawa panjira," anatero. "Ndi chokhacho. China chilichonse chinandikanika. Mankhwala sindiwadziwa, zimene amalankhula madokotala sindizimva. Ndinati koma galimoto yokha, imeneyo ndingathe."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ikamagunda choncho, ine ndimamva ngati ndakumenyani ndine."

"Ndikudziwa, bambo. N'chifukwa chake sindinkadandaula." Aphunzitsi anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Koma ndikuuzeni zoona. Galimotoyi ikagunda zimawawa, inde. Ikapanda kugunda zimawawabe. Pabedi zimawawa. Pampando zimawawa. Phokoso lanu lija ine linkandithandiza. Mukatchera khutu kumatayala, ine ndinkapeza mpata wobuula osakuvutitsani."

A Malata anaika mphumi pachiwongolero. Mapewa awo aakulu aja, ozolowera kunyamula matumba a simenti, anayamba kugwedezeka. Aphunzitsi sanawatonthoze. Anangowasiya alire, dzanja lawo lowonda lili pabondo la amuna awo. Kunja anthu ankadutsa, ena n'kumasuzumira galimoto yokongolayo mosirira.

"Ana athu tiwauza bwanji?" anafunsa a Malata atadzutsa mutu.

"Tiwauza tonse awiri. Pamenepo pokha musandithawe."

"Sindithawa."

"Chabwino. Tiyeni kunyumba, msana watopa ndi mpandowu."

A Malata analiza injini. Anakankhira ndodo ya magiya kumbali, kumene woyendetsa amasankha yekha giya, n'kuisiya pa yachiwiri. Anayatsa magetsi ochenjeza. Anayenda choncho mzinda wonse, pang'onopang'ono, injini ikulira mokakamizika, osailola kusintha giya. Kumbuyo kwawo magalimoto anandandalika. Ena ankaliza mahutala, ena powadutsa ankatsitsa magalasi.

"Mdala, galimoto yonseyo kuyenda ngati ngolo? Ipatseni ana ayendetse!"

A Malata sanacheuke. Mpaka kukafika pageti la nyumba yawo galimoto sinagunde.

Mmawa mwake anapereka makiyi a shopu kwa mng'ono wawo. Bedi analisamutsira kuchipinda chochezera, pafupi ndi windo, chifukwa Aphunzitsi ankafuna kumaona anthu odutsa mumsewu. A Malata anaphunzira kwa namwino kasambitsidwe ka munthu wogona, katembenuzidwe kake kuti asachite zilonda, ndi kuwerenga pankhope pamene mankhwala ayamba kutha mphamvu. Manja awo anali okhakhala, ndipo masiku oyamba Aphunzitsi ankawanena kuti akuwagwira ngati thumba la laimu. Kenako anazolowera. Galimoto inangokhala panja, masamba a mtengo akugwera pagalasi, mbalame zikuidetsa.

Patapita masabata angapo, masana ena, foni inalira a Malata akupaka mafuta kumapazi a akazi awo. Aphunzitsi anali atatha kwambiri. Kukhala tsonga kunali kutawakanika, ndipo mawu awo ankamveka ngati akuchokera kuchipinda china. A Malata anapukuta dzanja n'kuyankha.

"Bwana, nkhani yabwino!" Anali mkulu wa amakaniko uja. "Akufakitale ayankha. Avomera kuti magalimoto ena a mtundu wanuwo ali ndi vuto m'bokosi la magiya. Munkanena zoona, bwana, pepani kwambiri. Chipangizo chafika. Matayalanso tikusinthirani, tiika ena osalira. Mungoibweretsa, muisiye masiku ochepa, ikatuluka mudzaiwala kuti munadandaulapo."

"Ndamva."

"Ndiye tiyembekezere liti, bwana? Mawa?"

A Malata anayang'ana pawindo. Kenako anayang'ana pabedi.

"Chipangizocho mupatse wina amene akuchifuna," anatero. "Kuno kulibe ulendo."

Anadula foni n'kuiika pansi pa mpando. Aphunzitsi anatsegula maso pang'ono.

"Ndani?"

"Akugalaja. Akuti vuto lija linalipodi. Silinali phazi langa."

Milomo youma ija inayesa kumwetulira.

"Mwawina mlandu, bambo."

"Ndawina."

"Ndiye tanditembenuzani. Mbali iyi yatopa."

A Malata analowetsa mkono umodzi pansi pa mapewa, wina pansi pa chiuno, n'kuyamba kuwatembenuza pang'onopang'ono, akumvetsera mpweya wawo.