Chitseko cha Pansi pa Thiraki

Mathiraki akandanda pa boda ya Mwanza amaima mothinana, moti ngakhale mbuzi yonenepa singapeze podutsa. Mzere umayambira pa chipata n'kutsetsereka mpaka kukakhota. Nthawi zina umakhala pomwepo masiku atatu, madalaivala akuphika ndi kuyanika malaya pa magalasi podikira mapepala a katundu. Sukulu ya mkombaphala imene Enelesi ankalerako ana inali tsidya lino la msewu, koma ambiri mwa anawo ankachokera tsidya linalo.

Munthu wamkulu akafuna kuwoloka amazungulira mzere wonse. Mwana alibe nazo ntchito zimenezo. Amangowerama n'kudzera pansi pa ngolo ya thiraki, pakati pa matayala otalika kuposa iye. Enelesi zimenezi zinkamuwawa mumtima, ndipo sikuti anangokhala osayesa. Anapeka nyimbo, anawo n'kuigwira tsiku lomwelo.

"Pansi pa thiraki m'pabwino?" ankatero Enelesi m'mawa uliwonse.

"Ayiii," ana onse ankayankha pamodzi mpaka malata kunjenjemera.

"Nanga tizitani?"

"Tizizungulira."

Akatha kumwa phala, ana omwewo ankatuluka n'kukalowa pansi pa mathiraki mmodzimmodzi, ena akuimba nyimbo yomweyo.

Amene ankamudetsa nkhawa kwambiri anali Ines, mtsikana wa zaka zisanu, wosakonda kulankhula koma wamiyendo yopepuka. Mayi ake, Estela, ankagulitsa manachesi tsidya lina la mzere. Tsiku lina Enelesi ali pakhomo la sukulu anaona Ines akulowa pansi pa ngolo, ndipo nthawi yomweyo thirakiyo inalira n'kusuntha. Mwanayo anatulukira uko ali bwinobwino, koma patapata wake mmodzi anatsala pansi pa tayala. Enelesi anakhala pansi pakhomo pomwepo. Atadzuka anali atatsimikiza mtima kuti Ines sadzaferamo m'matayala iye akuyang'ana.

Anakumbukira buku lina limene anaona ku maphunziro a alezi ku boma. Linali ndi tizitseko pa tsamba lililonse. Mwana amasankha chitseko, n'kutsegula, n'kuona zimene zatsatira. Bukulo linali limodzi lokha, la kunja, lonena za nyama zimene kuno kulibe, ndipo atalizunguliza m'manja mwa alezi onse analibwezera m'bokosi. Enelesi anaganiza zopanga lake. Anatola makatoni a sopo kuseri kwa golosale, anawadula ndi mpeni, anawasoka ndi ulusi wa thumba la feteleza, kenako anapita nawo kwa Valentim, bambo amene ankalemba zikwangwani za masitolo pa boda ponsepo.

"Ine ndimajambula nkhuku za pa lesitilanti ndi mitu ya pa malo ometera," anatero Valentim akupukuta manja. "Za ana sindizidziwa, mayi."

"Thiraki mumaidziwa?"

"Ndimadzuka nayo, kugona nayo."

"Ndiye jambulani thiraki, ndi mwana wamkazi ataima pambali pake. Zinazo ndikuuzani."

Valentim anadandaula sabata yonse, koma anajambula, ndipo anajambula bwino. Pa tsamba lalikulu panali mtsikana atanyamula kadengu ka manachesi. Chitseko chimodzi chinali kumapeto kwa mzere. Ukatsegula umapeza mtsikanayo watopa, thukuta kamukamu, koma wafika ndipo akusenda nachesi. Chitseko china chinali pansi pa ngolo. Ukatsegula umapeza matayala agudubuzika, manachesi aphwanyika, mtsikana ali pa bedi la kuchipatala mwendo uli m'chikhakha. Penti imene inamutsalira Valentim yambiri inali yachikasu, ndiye diresi la mtsikanayo linakhala lachikasu.

Tsiku loyamba Enelesi ananyamula bukulo m'mwamba n'kufunsa kuti mtsikanayu adzere pati. Ana onse anakuwa kuti azungulire. Enelesi anasangalala, anawaombera m'manja. Masana ake anawaona akulowa pansi pa ngolo ngati kale. Tsiku lachiwiri zinali chimodzimodzi. Tsiku lachitatu, ali mkati mofunsa, anayang'ana dzanja lake ndipo anachita manyazi. Chala chake chinali chitagona kale pa chitseko chozungulira, ndipo ana sankayang'ana buku n'komwe. Ankayang'ana iye. Ana a kuno amaphunzira kuwerenga nkhope ya munthu wamkulu asanadziwe a, e, i, o, u. Wamkulu akachita tsinya amadziwa kuti yankho ndi ayi, akamwetulira ndi inde. Chitseko cha pansi pa thiraki chinali chisanatsegulidwepo ndi mwana aliyense, ndipo buku lija linali litasanduka nyimbo ina chabe.

Anasintha kachitidwe. Anayala mkeka pakona, naika bukulo pansi, n'kumaitana mwana mmodzimmodzi. Iye ankakhalira manja ake enieniwo kuti asaloze, maso n'kuyang'ana kukhoma. Zinali zovuta kuposa kulima, chifukwa pakamwa pa Enelesi sipanazolowere kutsekeka. Ana ena ankangokhala, kudikira kuti awauze. Wina analira poganiza kuti walakwa. Koma pang'onopang'ono tizala tinayamba kusuntha tokha.

Itafika nthawi ya Ines, mwanayo sanachedwe. Anatsegula chitseko cha pansi pa ngolo, poti ndiyo njira imene ankaidziwa. Anayang'ana nthawi yaitali. Anatseka, anatsegulanso, anakhudza chikhakha chija ndi chala, kenako anagwira mwendo wake. Enelesi anadzigwira osamufunsa.

M'mawa mwake, phala lisanapse, Estela anatulukira pa sukulu akukoka Ines padzanja. Kumbuyo kwake kunali a Zakeyu, wapampando wa komiti ya makolo, bambo wofatsa amene ankadana ndi phokoso kuposa tchimo.

"Madamu, mwana wanga anakulakwirani chiyani?" anafunsa Estela asanapereke ndi moni womwe. "Dzulo wabwera kunyumba akuti, amayi, ndathyoka mwendo m'buku la Madamu. Ndionetseni bukulo."

Enelesi analibweretsa. Estela anatsegula chitseko cha pansi pa ngolo, ndipo nkhope yake inagwa. Analoza diresi la m'bukumo, kenako analoza la Ines. Onse anali achikasu. Ines analibe diresi lina lopitira kusukulu, ndipo pa boda ponse ankamudziwa ndi diresi limenelo.

"Mwana wamoyo, woyenda ndi miyendo yake iwiri, inu mwamugoneka kuchipatala. Mukumuitanira chiyani? Zikachitika mudzati chiyani?"

Mwezi wonse Enelesi anali akuyang'ana bukulo osaona zimenezi. Sakanatha kumuseka Estela, chifukwa iyenso anakulira momwemo. Mwana atagona pansi sankamulumpha, ndipo munthu akatchula tsoka pa mwana wake ankamuuza kuti alavule. Anadziwa kuti apa walakwa ndithu.

"Amake Ines, pepani," anatero. "Za diresizi ndalakwa ine. Penti inangotsala yachikasu, koma ndinayenera kuona. Lero lomwe ndipita kwa a Valentim akalisinthe."

A Zakeyu anatsokomola mokondwa, poona kuti nkhani ikupita kokatha. "Mwayankhula bwino, Madamu. Koma kuti mitima ikhale pansi, tingomata kachitseko koipako. Phala la ufa wa chinangwa limagwira bwino. Ana azitsegula chabwinocho, aziona zabwino. Makolo enanso ayamba kung'ung'udza kuti ana akuonetsedwa zoopsa."

"Chimenecho ndiye ayi, bambo."

A Zakeyu anadabwa, poti Enelesi sankawatsutsa kawirikawiri.

"Diresi ndisintha, nkhope ndisintha, ngakhale tsitsi," anapitiriza Enelesi. "Koma chitseko sindimata. Chaka chonse ndakhala ndikuwauza zabwino zokhazokha, iwo n'kumavomera, n'kumakalowa pansi pa thiraki. Paja amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere yekha. Koma thiraki si nsatsi, bambo. Singamufotere m'manja n'kubwera kudzatiuza kuti waphunzira. Ndiye ndikufuna imufotere pa katoni pano, pamene angathe kutseka chitseko n'kuyambiranso."

"Nanga komiti ikalamula?"

"Ikalamula mudzandichotse ine, mupeze mlezi wina womata. Koma ndisanachoke ndikupempha chinthu chimodzi. Amake Ines akhale pa mkekapa ndi mwana wawo, aone okha mmene bukuli limagwirira ntchito. Lamulo ndi limodzi: wamkulu salankhula, saloza."

Estela anakhala pansi monyinyirika, milomo atailuma. Enelesi anaika bukulo patsogolo pa Ines. Mwanayo anayang'ana mayi ake, anayang'ana a Zakeyu, anayang'ana Enelesi, kenako anatsegula chitseko chozungulira mwaulemu wonse.

"Mwaona," anatero a Zakeyu. "Akudziwa kale."

Enelesi anagwada pafupi ndi mwanayo, maso ake ali pa mkeka. "Ines, uyo wa m'bukuyo wazungulira. Nanga iweyo lero tikaweruka udzera pati?"

Ines anakanda mkeka ndi chikhadabo. "Pansi."

"Chifukwa chiyani? Sindikukalipira, ndingofuna kudziwa."

"Ndikazungulira ndimachedwa." Mawu ake anali aang'ono. "Amayi amasuzumira pansi pa thiraki, amati bwera pompo, fulumira, undidikirire beseni."

Kunja ana ena ankalimbirana makapu a phala. Enelesi sanayembekezere yankho limeneli, ndipo anamva chisoni chachikulu, chifukwa ankadziwa mmene Estela ankakhalira. Anali yekha, wopanda womusiyira malonda. Madalaivala amagula ali m'magalimoto mwawo, ndipo wogulitsa amayenera kuthamanga ndi mbale kutsata mzere, wina atatsala pa beseni kuti mbuzi ndi anthu a manja ataliatali asathe manachesi.

"Ndimayang'ana kaye," anatero Estela. "Sindingomuitana. Ndimamvetsera ngati injini yazima."

"Ndikudziwa kuti mumayang'ana," anayankha Enelesi mofatsa. "Koma inu mumakhala kumbuyo kwa ngolo, dalaivala ali kutsogolo. Iye sakuonani, inu simukumuona. Mapepala ake akatuluka samauza munthu."

Estela anakoka bukulo. Anatsegula yekha chitseko cha pansi pa ngolo, anayang'ana mwana wa diresi lachikasu uja ali pa bedi, ndipo misozi inayamba kutsika osaipukuta. Ines anachita mantha, anakwera pamiyendo pa mayi ake n'kutseka chitsekocho ndi kadzanja kake.

"Musalire, amayi. Timatseka, n'kuyambiranso."

A Zakeyu anavula chipewa, anachiyang'ana mkati ngati muli uthenga, n'kuchivalanso. Za phala la chinangwa sanazitchulenso.

Patapita kanthawi Estela anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Kuyambira lero akaweruka azikhala pompano. Ndizibwera ndekha kudzamutenga, ndizizungulira naye. Manachesi akabedwa abedwe."

"Ndizikhala naye," anatero Enelesi. "Ndipo diresi lija a Valentim alisintha lero."

"Diresi asinthe, mwana wanga achokemo m'chipatalamo." Estela anaimirira, anamanga chitenje chake bwinobwino, kenako analoza malo opanda kanthu pa tsambalo, tsidya lina la thiraki. "Koma apa pakusowa munthu. Mukawauze a Valentim ajambule mayi ataima ndi beseni lake, nayenso akhale ndi zitseko ziwiri, china choitana mwana, china chokamutenga. Loweruka mudzabwere nalo bukulo kumsika, amayi anzanga adzatsegule okha. Sindine ndekha amene ndimaitana."

Anafika pakhomo, n'kutembenuka.

"Chitenje cha mayiyo apente chobiriwira ngati changachi. Ndisadzanamizire kuti ndi munthu wina."

Enelesi anadikira kuti ana amalize phala, anatsuka makapu, kenako anapita kuseri kwa golosale kukafuna katoni ina.