Nyimbo ya Pamtondo mu Kaseti

Matiyasi, wogula fodya, asanapezeke atafa m'munda wa thonje ku Chipangali, munthu wina anamutumizira kaseti yomuopseza. Wolankhulayo analowetsa pakamwa mumtsuko kuti mawu ake asadziwike. Apolisi anatumiza kasetiyo ku Lusaka, kumene akatswiri anachepetsa mawu a mwamunayo n'kukweza phokoso lakumbuyo. Itabwerako, apolisiwo anayamba kuitanira amayi a m'mudzi wapafupi ndi mundawo kupolisi ku Chipata mmodzimmodzi.

Zelipa, mmodzi mwa amayiwo, anakhala pabenchi, manja ali pamiyendo. Wapolisi anadina batani la wailesi ya kaseti. Poyamba kunamveka nkhuku, kenako munsi ukugunda mumtondo. Ndiye mkazi anayamba kuimba, kudandaula za mwamuna amene amabwera zovala zikununkha utsi koma osanena kumene wachokera.

Zelipa anaizindikira nyimboyo. Nyimbo ya pamtondo sabwerekana, mkazi aliyense amapeka yake. Iyi anaipeka yekha, ndipo ankaiimba kuseri kwa nyumba yake basi. Anakumbukira tsiku limene mwamuna wake, Bwezani, anamuuza kuti akasinje, iye n'kudzitsekera m'nyumba masanasana ndi wailesi ya kaseti. Polowa, Zelipa anapeza mtsuko wake uli pamphasa, wopanda madzi.

"Mayi, mukumudziwa amene akuimbayu?" anafunsa wapolisiyo.

Zelipa anayang'ana pawindo. Pansi pa mtengo wa mango, Bwezani anali atatsamira njinga, kumudikira kuti abwerere limodzi kumudzi, kudzera njira ya m'tchire. Maso ake anali pawindo lomwelo, ndipo sankaphethira.