Foni Inatsala M'galimoto

Chikwatirane, Overton anali asanamutengepo mkazi wake kukangoyenda. N'chifukwa chake Gladness anamuyang'ana kawiri Lamulungu lija atamva zoti akaone pamene anatchinga mtsinje wa Canning.

"Kukaona madzi? Bambo a Nicole, zachizungu mwayamba liti?"

Overton anaseka. Amayi ake a Gladness anali atamwalira Lachisanu ku Ntcheu. Amalume ake a Gladness anaimbira iyeyo, mkamwini, n'kumulamula kuti asamuuze ali yekha, adikire amayi a kutchalitchi adzamugwire. Koma amayi a kutchalitchi kuno ku Perth ndi manesi okhaokha. Wina shifiti, wina shifiti, mpaka anagwirizana zodzawapeza ku mtsinjeko Lamulungu masana, tsiku loika maliro. Poopa kuti zithunzi ziyamba kuyenda, Overton anabisa foni ya mkazi wake pansi pa mpando wa galimoto.

Anaima pa kamlatho ka pamwamba pa chotchingacho. Overton ankafotokoza ngati mphunzitsi kuti uku madzi ndi amchere, uku abwino, zitseko ndi zimene zimawalekanitsa. Maso anali ku msewu. Amayi aja anali atachedwa ndi ola lathunthu, ndipo mumtima ankawatukwana mmodzimmodzi.

"Bola tikanabwera ndi Nicole," anatero Gladness akusenda nachesi. "Kuli bwino ndithu."

Apo m'pamene Evaristo, mnzawo wa ku Chipata amene ankagwira ntchito kumigodi, anatulukira ndi njinga. Atawaona anatsika n'kuvula chipewa.

"Alamu, pepani maningi. Tinamvela dzulo pa gulupu ya amuna. Amayi anali..."

Anathera pomwepo ataona nkhope ya Overton.

Gladness sanagwe, sanakuwe. Anaika nachesi uja pachitsulo cha mlatho.

"Liti?"

"Lachisanu," anayankha Overton. "Amalume anati..."

"Lachisanu! Ine Lachisanu ndinali ku Nedlands kusambitsa amayi a eni ake, anga ali gone ku mochale. Dzulo ndakuphikirani, mwadya, mwapempha ina!"

"Mwambo wake, mayi a Nicole. Munthu sauzidwa ali yekha."

"Ndiye inu si munthu? Ndine nesi ine. Ndauzapo mabanja angati kuti wawo wapita? Gulupu yonse ya amuna yadziwa, Evaristo ndi njinga yake wadziwa, mwana wa malemu akusenda nachesi!"

Evaristo anakankha njinga yake mwakachetechete. Azungu awiri amene ankapalasa timabwato anatembenuka.

"Mukanandiuza Lachisanu, ndege ndikanakwera. Bwenzi pano ndili pambali pawo. Zimenezo amalume anaziwerengera? Kwawo uthenga umachokera kutsidya kwa dambo, munthu n'kufika tsiku lomwelo wapansi. Inu mtunda wake mumaudziwa, Overton."

Dzina lake lenileni Overton anali asanalimve pakamwa pa mkazi wake zaka khumi. Za ndege anaziganizadi Lachisanu lomwelo, koma anaopa kutchedwa mkamwini wamwano.

"Foni yanga."

"Ili pansi pa mpando."

Gladness anatambasula dzanja, iye n'kuikamo makiyi.

"Kumudzi kwangocha kumene. Bokosi sanatseke. Ndikawaona amayi anga pa foni, kunyumba, ndekha. Musanditsatire."

Galimoto itangokhota, ina inalowa. Munatuluka amayi anayi, zitenje atamanga pamwamba pa yunifolomu, nyimbo atayamba kale chapansipansi. Anapeza Overton ali yekha pamlatho.

"Ali kuti mnzathu?" anafunsa mayi Lusubilo, wamkulu wawo.

"Wauzidwa kale," anatero Overton.