Maina Awiri a Mwana wa a Fakiri

Lole ya mpunga inawatsitsa pa boma la Nkhotakota kunja kutada. Saida sankadziwa njira. Bambo ake, a Fakiri, ankayenda patsogolo akung'ung'udza. Chichokereni ku Liwaladzi sanalankhulane.

Anafunsa kawiri asanapeze nyumba ya Mayi Dailesi, mlangizi wa zachitukuko. Odi sanayankhidwe n'komwe, a Fakiri anali atayamba kale.

"Mayi, amati mwana aphunzire. Waphunzira. Folomu 4 wakhoza. Koleji ya ku Blantyre yamuitana. Tapempha thandizo la fizi ku bungwe lija munatiuza. Ayankha kuti sakumudziwa! Wallahi, mwana ndabereka ine, iwo akuti kulibe!"

Mayi Dailesi anayala mkeka, nasendeza nyali. Anawerenga kalata ya bungwelo. Kenaka setifiketi.

"Pa setifiketi alemba Benedicta Fakiri. Pa fomu yopemphera thandizo munalemba Saida Fakiri. Benedicta ndi ndani?"

"Ndine," anatero Saida.

Dzinalo analilandira ali Sitandade 1. Sukulu inali ya mishoni. Azakhali ake pokamulembetsa anaopa kuti amubweza, ndiye anatchula dzina la Chikhristu. Kuyambira pamenepo kunyumba anali Saida, m'kalasi Benedicta.

"Dzina limenelo m'nyumba mwanga silinalowepo," anatero a Fakiri. "Ndinamuuza alembe Saida. Ndinamutcha ndine, shehe alipo, mbuzi tinazinga."

Saida anaimirira. Anali asanawakwezerepo mawu bambo ake. Tsikulo anakweza.

"Ndinakuuzani, ababa! Ndinati mayeso ndinalembera dzina linalo. Munati mung'amba fomuyo. Tsopano ndizikayanika usipa setifiketi ili m'thumba?"

"Iwe! Ukundikalipira kwa eni ake?"

"Mukakalipirane kwanu," anatero Mayi Dailesi. "Pano tikonze zinthu. A bungwe sakudana nanu, bambo. Saida sanamuonepo. Amaona mapepala basi. Akaona maina awiri amaganiza kuti ndi anthu awiri, mwina wina waba setifiketi ya mnzake."

"Ndiye nditaye dzina la mwana wanga chifukwa cha thandizo lawo?"

"Ayi. Mawa mupite kwa majisitireti. Mukalumbire kuti Saida ndi Benedicta ndi mwana mmodzi, wanu. Akupatsani chikalata. A hedimasitala alembenso umboni wawo. Pa fomu yatsopano mulembe dzina la pa setifiketi, zikalatazo muphatikize. Tsiku lotsekera silinakwane. Likadutsa, malo ake atenga wina."

A Fakiri anasisita ndevu.

"Ndikalitchule ndi pakamwa panga?"

"Mukatchule onse awiri."

Kutacha anapita ku khoti. Saida anakhala pa benchi. Bambo ake anagwira Kurani. Dzina la Saida analitchula mokweza. La Benedicta linatuluka ngati munga wa nsomba wowakola pakhosi.

"Sindinamve, bambo," anatero kalaliki.

"Benedicta!" anakuwa a Fakiri. "Ndi wanganso ameneyo! Lembani!"

Kalaliki analemba.

Yankho linafika mphepo ya mwera ikutha. Bungwe linavomera kulipira fizi ndi mabuku.

Tsiku la ulendo anadzuka mbandakucha. Atangoswali pemphero la m'mawa anapita kumsewu kukadikira basi. Mayi Asiyatu, oyandikana nawo nyumba, anawaperekeza. Nawonso mwana wawo ankatchedwa Ramadhani kunyumba, Stefano kusukulu.

"Asiyatu, tamvani," anatero a Fakiri, nkhope ili gwa. "Musanatumize pempho, onani dzina la pa fomu ndi la pa setifiketi. Akasiyana, kalumbireni kukhoti nthawi ilipo. Dzina la mwana silitayika. Chimene chimatayika ndi mwayi."

Basi inatulukira. A Fakiri anatembenukira kwa Saida.

"Khadi ya chipani uli nayo? Achinyamata a chipani asakakutsitse panjira."

"Ndili nayo, ababa."

Anamunyamulira sutukesi mpaka pakhomo la basi. M'pamene Saida anaona. Usiku bambo ake anali atalembapo ndi penti yotsala ya bwato: Saida Benedicta Fakiri.

Zilembo za Saida zinali zazikulu kuposa zinazo. Basi inanyamuka iye akuseka, misozi ili m'masaya.